Ananditentha m'mphuno zaka 5 zapitazo: zimene ndinawauza alamu asanagulitse ng'ombe

Mwezi wa June ndinapita ku Tsangano kukaona apongozi. Anandigoneka m'nyumba ya alamu anga aakulu, achimwene awo a mayi a kunyumba kwathu, ndipo pakati pa chipinda chawo ndi changa panali khoma losafika kudenga. Usiku wonse ndinangokhalira kumvetsera kapumidwe kawo. Mkonono unkayamba chapansipansi, nkukwera, kenako zii kwa kanthawi, nkudzidzimuka ngati munthu amene wavuuka m'madzi. Cha m'ma 2 koloko ndinaona kuwala kwa tochi ya foni kudenga, kenako ndinamva kaphokoso kamene sindingakasokoneze ndi kena kalikonse: kabotolo kofinyidwa kawiri, munthu nkukoka mpweya mwamphamvu, nkuusa moyo.

M'mawa tikuotha moto panja, chisanu chikuluma zala, alamu anasendeza mpando wawo pafupi ndi wanga.

"Alamu, paja inu munapita ku Johannesburg kuti akakutentheni m'mphuno. Zija zinathandiza? Mundiuze zoona. Ng'ombe zapangolo ndili nazo ziwiri, imodzi ndikhoza kuigulitsa."

Aliyense wokulira ku Angónia kapena ku Tsangano akudziwa kuti ukagulitsa ng'ombe imodzi yapangolo waimitsa ngolo yonse, ndipo ngoloyo ndi imene imatulutsa mbatatesi kudimba kukafika nayo kumsewu. Munthu safika poganiza zotero chifukwa cha chimfine wamba. Ndinawamvetsa, pakuti njira imeneyo ndinayendamo. Koma kuti eya kapena ayi sindinathe kuwayankha pamotopo. Zinatitengera masiku awiri kukambirana, ndipo zimene tinakambiranazo ndi zimene ndikulemba pano, chifukwa ndikudziwa kuti m'chigawo chathu cha Tete, ku Mozambique, muli anthu ambiri ogona ndi kabotolo kumutu.

Ine ndinakulira ku Ulongué. Mphuno zanga zinali za mwana aliyense wa kumapiri: mamina m'miyezi yachisanu, kuyetsemula pokolola chimanga, basi. Vuto linayamba nditapeza ntchito yolemba mabuku pagalaja ina ya matiraki ku Moatize. Amene sanakhaleko m'chigwa cha Zambezi m'mwezi wa October sangamvetse mpweya wa kumeneko. Kutentha kumapitirira 40 digiri, mpweya ndi wouma ngati wotuluka mu uvuni, ndipo mumakhala fumbi la msewu, fumbi la malasha ndi utsi wa tchire zonse pamodzi. Ukapukuta tebulo m'mawa, pofika masana ukhoza kulembapo dzina ndi chala. Chaka choyamba ndinkangoyetsemula. Chaka chachiwiri mphuno zinayamba kutsekeka usiku, kenako ndi usana womwe.

Kutsekeka mphuno si matenda amene anthu amakuzonda nawo, ndipo palibe amene amakupepesa. Koma kumadya munthu mwakachetechete. Ndinkadzuka lilime litauma gwa, kukhosi kukuwawa, mutu ukulemera ngati sindinagone nkomwe. Nsima ndinkadya mopumira, chifukwa pakamwa pomwepo ndi podyera, pomweponso ndi popumira. Ndiwo zinasiya kununkhira. Kuntchito manambala ankandisokonekera masana, ndipo mtima unkapsa msanga pa zinthu zazing'ono, mpaka ana anayamba kundiyenda patali.

Mnzanga wina anandilozera ku famasiya. Ndinagula mankhwala odontheza m'mphuno, aja okhala ndi xylometazoline kapena oxymetazoline. Pasanathe mphindi 5 mphuno zonse zinatseguka mpaka mpweya kuzizira kumutu. Usiku umenewo ndinagona ngati khanda. Pa kapepala ka m'bokosi panalembedwa kuti asagwiritsidwe ntchito kupitirira masiku ochepa, 3 mpaka 7 kutengera mtundu wake, koma ndani amasiya chinthu chimene chamubwezera tulo? Poyamba ndinkathira pogona pokha. Kenako m'mawa ndi madzulo. Pomatha zaka 3 ndinali ndi mabotolo atatu, lina kumutu kwa bedi, lina m'thumba la malaya, lina m'dirowa kuntchito, ndipo ndikayamba ulendo wa chapa (minibasi) wopita kumudzi, pofika pa Mussacama ndinali nditathira kale kawiri. Chimene sindinkadziwa nchakuti mankhwalawa amafinya mitsempha ya magazi ya m'mphuno, ndipo akatha mphamvu mitsemphayo imatupa kuposa poyamba. Ukawazolowera, mankhwala omwewo ndi amene amakutseka. Madokotala ali nalo dzina lake, rhinitis medicamentosa.

Madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi, amene kuno timawatchula kuti otorrino, ndi ochepa kwambiri kwathu kuno. Ine mwayi wanga unali wakuti kuntchito tinali ndi seguro (inshuwalansi) ya zaumoyo, ndiponso mng'ono wanga amakhala ku Johannesburg. Ndinakwera basi yodzera pa Cuchamano, Harare ndi Beitbridge, kabotolo kali m'manja njira yonse.

Dokotala wa kumeneko anandilowetsa kakamera konga waya m'mphuno, nkundionetsa pa sikirini mkati mwanga momwe. Zimene anandiphunzitsa tsiku limenelo ndi zimene ndinayamba nazo pofotokozera alamu, chifukwa popanda izi nkhani ya kutentha m'mphuno simveka. Mphuno ikhoza kutsekeka pa malo atatu osiyana. Pali khoma lapakati logawa mphuno ziwirizi, lomwe ndi fupa ndi chicherewecherewe, ndipo likhoza kupindika chibadwire kapena munthu atamenyeka. Pali timinofu tomera m'mbali, titatu mbali iliyonse, tosanjikana ngati mashelefu. M'Chingerezi amati ma turbinate, m'mapepala a Chipwitikizi mudzaona cornetos. Kam'munsi ndiye kakakulu, ndipo nkodzaza ndi mitsempha ya magazi imene imatupa ndi kuphwa. Ntchito yake ndi kufunditsa mpweya, kuunyowetsa ndi kugwira fumbi lisanafike m'mapapo. Malo achitatu ndi kakhomo kopapatiza chapafupi ndi kunja, pamene chipupa chofewa cha mphuno chimakumana ndi khoma lapakati. Mwa anthu ena chipupacho nchofooka, moti akakoka mpweya chimafwamphukira mkati ngati thumba la pulasitiki lomwe ukuliyamwa.

Anandiuzanso kanthu kamene kanandikhazika mtima pansi. Kusinthana kwa mphuno, kuti pano yatseguka yakumanja, pakapita maola angapo yatseguka yakumanzere, si matenda. Thupi limatero mwa anthu ambiri, ndipo dokotala wa ku Germany, Richard Kayser, analemba za zimenezi kale mu 1895. Ukagonera mbali imodzi, mphuno ya pansi ndi imene imadzaza. Munthu wabwinobwino sazindikira nkomwe. Amene timinofu take tatupa kale ndiye amazimva usiku wonse, akutembenukatembenuka kufunafuna mbali yopumira.

Khoma langa linali lopindika pang'ono chabe, kakhomo kaja kanali kolimba, koma timinofu tam'munsi tinali titatupa mpaka kukhudza khoma. Ine ndinaganiza kuti basi, mawa anditentha ndizipita. Dokotala anakana. Anati sangakhudze mphuno imene ikumwa mankhwala odontheza maola awiri aliwonse, chifukwa sangadziwe kuti kutupa kwa matenda ndi kuti ndipo kwa mankhwala ndi kuti. Anandibweza kwathu ndi mankhwala opopera a mometasone, a gulu lija la ma steroid limene silizoloweretsa mphuno, ndi lamulo lotsuka m'mphuno ndi madzi a mchere m'mawa ndi madzulo kwa miyezi 3. Ndinabwerera ku Moatize nditakwiya, ndalama ya basi itapita. Lero ndimaona kuti pa zonse zimene anandichitira, kundibwezako ndi kumene kunali kwa mtengo wapatali.

Masabata awiri oyamba osiya kabotolo sindingawafunire munthu. Ndinayamba ndi kusiya mphuno imodzi, ina ndikuthirabe, kuti ndipeze popumira. Ndinkagona chokhala, nditatsamira khoma. Mayi a kunyumba ankadzuka kundiwiritsira madzi ndi masamba a bulugamu kuti ndifukize, ndipo ngakhale nthunziyo sinkatsegula kwenikweni, inkandipatsa chochita mpaka kuche. Itatha miyezi 3 ndinali nditasiyiratu, mphuno zitatseguka mwina ndi theka. Koma usiku zinkatsekabe, ndipo m'pamene ndinabwerera ku Johannesburg.

Kutenthako amakutchula kuti radiofrequency, dzina lomwe limasokoneza anthu, ena amayesa ndi mafunde ngati a Rádio Moçambique kapena cheza choopsa chija cha matenda a khansa. Si zimenezo. Ndi magetsi osinthasintha mbali mofulumira kwambiri, maulendo 100,000 kapena kuposa pa sekondi imodzi, odzera pa kasingano kolowetsedwa mkati mwa kamnofu kaja. Nyama yozungulira nsonga ya singanoyo imatentha, kawirikawiri pakati pa 60 ndi 90 digiri, osafika popserera. Khungu lapamwamba, lomwe limatulutsa chinyezi ndi kusesa fumbi, amayesetsa kulisiya lamoyo. Pamene papsa mkatimo pamapola ndi chipsera, ndipo chipsera chimakoka nyama, kamnofu nkuchepa. Njira imeneyi inayamba kufala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Kale ankangodula timinofuti ndi sizasi, ena kutichotseratu, ndipo kunapezeka anthu amene mphuno zawo zinatsala pululu koma iwo nkumamva ngati akubanika, mkati mouma ndi mopweteka. Nchifukwa chake masiku ano dokotala wosamala amachepetsa, sachotsa.

Sanandigoneke tulo. Ndinakhala pampando ngati wa dokotala wa mano. Anandiika thonje la mankhwala ochititsa dzanzi, lowawa likatsikira kukhosi, kenako jakisoni amene anandigwetsa misozi diso lakumanja lokha. Singano yeniyeniyo sindinaimve ikulowa. Ndinkamva makina akulira tii, tii, tii, ndi kufunda kwina kozama kumene kunkafika mpaka ku mano akutsogolo. Panali kafungo konga ka tsitsi lowauka. Anabaya malo angapo mbali iliyonse, ndipo zonse sizinapitirire mphindi 30. Ndinatuluka ndikuyenda ndekha, kathonje kali pamphuno, magazi ake osadzaza ngakhale kansalu ka m'manja.

Chimene munthu ayenera kudziwiratu nchakuti sabata yoyamba mphuno zimatseka kuposa kale. Ndinabwerera ku Tete ndikupuma ndi pakamwa, mtima ukundiuza kuti ndataya ndalama. Kenako kunabwera nkhanambo, zina zazikulu ngati chikhadabo, zotuluka potsuka ndi madzi a mchere. Kusintha sikunabwere tsiku limodzi. Ndimakumbukira madzulo ena m'sabata yachisanu, ndikuchokera kumsika wa Kwachena, ndinaoloka wapansi pa mlatho wa Samora Machel kupita ku Matundo. Nditafika pakati, kamphepo ka mumtsinje kakuomba, ndinazindikira kuti chichokere kutsidya sindinatsegule pakamwa. Ndinamva fungo la madzi, la matope, la nsomba zowamba zimene mayi wina anasenza patsogolo panga. Ndinaima nkugwira chitsulo cha m'mbali kwa kanthawi, njinga zikundilambalala.

Mpaka apa alamu ankangogwedeza mutu mokondwa, ndipo ndikanalekera pomwepa ng'ombe ija ikanapita. Koma funso lawo lenileni silinali lakuti zimagwira kapena ayi. Munthu wogulitsa ng'ombe amafuna kudziwa kuti zikhala zaka zingati.

Madokotala amayeza vutoli ndi mafunso 5 amene amawatchula kuti NOSE, omwe anasindikizidwa ku United States mu 2004. Amakufunsa za mwezi wathawu: kudzadza kwa mphuno, kutsekeka, kuvutika kupuma ndi mphuno, kuvutika kugona, ndi kuperewera mpweya pogwira ntchito yolemetsa. Funso lililonse umalipatsa 0 mpaka 4, nkuphatikiza, nkuchulukitsa ndi 5, kotero kuti 0 ndi munthu wopanda vuto ndipo 100 ndi wotsekeratu. Aliyense akhoza kudziyesa yekha pa kapepala. Ine ndisanatenthedwe ndinali pa 75. Chaka choyamba ndi chachiwiri ndinali pa 15 kapena 20, ndipo ndinaiwala kuti ndili ndi mphuno. Poiwalapo ndinasiyanso kupopera mankhwala ndi kutsuka ndi madzi a mchere. Chaka chachitatu, mphepo ya August itayamba kunyamula fumbi, ndinadzuka usiku wina lilime litauma, ndipo ndinadziwa kuti mlendo uja wabwerera. Chaka chachinayi ndinafika pa 50 m'miyezi yafumbi. Nditayambiranso kupopera ndi kutsuka, lero ndimakhala pa 30 kapena 35, ndipo ndikapita kumudzi ku Ulongué nthawi yadzinja ndimatsika kuposa apo.

Kubwerera kumeneku kunandipweteka mtima, moti ndinayamba kufufuza ngati ndi ine ndekha. Si ine ndekha. Ku Taiwan, m'kafukufuku wosindikizidwa mu 2009, anatenga anthu 120 a timinofu totupa nkuwagawa pawiri. Ena anawatentha ndi singano ngati ine, ena anawapala nyama ya mkati ndi kachipangizo kotchedwa microdebrider. M'chaka choyamba magulu onse awiri anapeza bwino. Pofika zaka 3, opalidwa aja anali bwinobe, pamene otenthedwa anali atayamba kubwerera m'mbuyo. Kafukufuku wina wa ku Taiwan komweko, wa mu 2010, anatsatira kwa zaka 5 anthu a alergia (thupi kudana ndi zinthu monga fumbi kapena mungu) amene mankhwala anawakanika. Pa miyezi 6, pafupifupi 77 pa 100 aliwonse anali atathandizika. Pa zaka 5 anatsala pafupifupi 60. Mukhoza kuwawerenga mbali ziwiri manambala amenewa. Anthu 6 pa 10 kupumabe bwino patatha zaka 5, chifukwa cha chithandizo cha theka la ola chosagonetsa m'chipatala, si chinthu chochepa. Koma 4 otsalawo ndi anthunso, ndipo ngati mmodzi wa iwo anagulitsa ng'ombe, ngolo yake yaima.

Chifukwa chake sichovuta kumvetsa. Singano imachepetsa nyama, koma sichotsa chimene chimatupitsa nyamayo. Ngati thupi lako limadana ndi mungu, ndi tizilombo tosaoneka ta m'fumbi la m'matiresi, ndi utsi wa nkhuni, lidzapitiriza kudana nazo tsiku lotsatira kutenthedwako. Kamnofu kotsalako nkamoyo, kali ndi mitsempha yake, ndipo kakamakwapulidwa ndi fumbi tsiku ndi tsiku kamakulanso. Zili ngati kusadza mtengo umene mizu yake ili m'dambo. Ubwino wake ngwakuti kutenthako kukhoza kubwerezedwa, koma kwa ife kubwereza ndiye kuti pasipoti, basi ya masiku awiri ndi ndalama ina.

Alamu anali ataonetsedwa kanema pa foni ya mwana wawo, wonena kuti chithandizochi chimakhala zaka 4 osabwerera. Kanemayo ndikumudziwa mtundu wake, ndipo apa m'pofunika kusamala, chifukwa amakamba za chinthu china ngakhale dzina ndi lomwelo. Kampani ya ku United States yotchedwa Aerin Medical inapanga chipangizo chotchedwa VivAer, chomwe ntchito yake yaikulu ili pa kakhomo kopapatiza kaja. Chimenechi sichibaya. Amachikanikiza mkati mwa chipupa cha mphuno, nkufunditsa pamalopo pa 60 digiri kwa masekondi 18, malo angapo, kuti pakapola chipupacho chilimbe ndi kutseguka. Kafukufuku woyamba anali ndi anthu 50. Amene anatsatiridwa mpaka miyezi 48 anali 29, ndipo manambala awo a NOSE anachoka pa 81 kufika cha pa 26, nkukhala chapomwepo zaka zonsezo. Zimenezi nzolimbikitsa ndithu, ndipo sindikuzinyoza. Chicherewecherewe cha m'chipupamo chikaumbika sichitupa ndi fumbi ngati kamnofu, kotero nzomveka kuti zotsatira zake zikhalitse.

Koma ine ndine wolemba mabuku a ndalama, ndipo ndikaona 50 kumayambiriro ndi 29 kumapeto, maso anga amapita pa 21 osowawo. Kawirikawiri amene zinthu zamuyendera bwino ndi amene amavomera kufunsidwabe chaka ndi chaka. Kafukufuku ameneyo analibenso gulu lofanizira, ndipo ndalama zake zinachokera ku kampani yopanga chipangizocho. Gulu lofanizira linabwera m'kafukufuku wina wosindikizidwa mu 2021, wa anthu 117, momwe ena anawatentha zenizeni ndipo ena anangowagunditsa chipangizo chosatulutsa mphamvu, iwo osadziwa. Patatha miyezi 3, mwa otenthedwa zenizeni 88 pa 100 anati apeza bwino. Mwa ongogunditsidwa aja, pafupifupi 42 pa 100 anatinso apeza bwino. Kusiyanako nkwakukulu, ndipo kukusonyeza kuti chipangizocho chimagwiradi ntchito. Koma 42 imeneyo imandiphunzitsa kuti mphuno imamvera mtima, ndi kuti umboni wa munthu mmodzi wokondwa pa kanema, ngakhale umboni wanga womwe wa pamlatho uja, sukwanira kugulitsira ng'ombe. Tisaiwalenso kuti anthu onsewa anasankhidwa mosamala, atapimidwa kuti vuto lawo lilidi pa kakhomo kameneko, ndipo amapuma mpweya wa m'mizinda ya ku America, osati wa m'chigafa cha fodya kapena wa m'khitchini ya nkhuni yopanda zenera.

Kodi ine ndikanachitanso? Eya, ndipo ndimanena mosabisa. Zaka ziwiri zija za tulo tabwino zinandibwezera banja langa, ndipo ngakhale lero ndili bwino kuposa mmene ndinalili. Koma ine seguro inandilipirira gawo lalikulu, ndinapimidwa ndi kamera, ndipo ndinali nditayesa kaye zotsika mtengo kwa miyezi 3. Alamu anga analibe chilichonse mwa zitatuzi.

Tsiku lachiwiri, dzuwa litakwera, ndinawakhazika pakhonde. Ine si dokotala ndipo ndinawauza zimenezo, koma pali zina zimene munthu akhoza kuyamba nazo ali pakhomo. Ndinawaonetsa kayesedwe kamene madokotala amakatchula ndi dzina la Cottle: kuika zala ziwiri patsaya pambali pa mphuno, kukokera khungu chakukhutu, nkupuma. Ngati mpweya walowa bwino koposa, nkutheka kuti vuto lili pa kakhomo kaja. Alamu anakoka tsaya lakumanja, lakumanzere, nkupukusa mutu.

"Palibe chasintha, alamu."

Ndinawafunsa ngati imatseka mbali imodzi yomweyomweyo. Anati ayi, zimasinthana. Funso limeneli nlofunika, chifukwa mphuno yotseka mbali imodzi yokha nthawi zonse, makamaka ikamatuluka magazi kapena mafinya onunkha, si yodikira nayo kapena kuthira mankhwala a ku famasiya. Mwa mwana kakhoza kukhala kanyemba kapena kamwala kamene anadzilowetsa, mwa wamkulu chikhoza kukhala chotupa, ndipo afunika kuonedwa kuchipatala msanga. Palinso tinyama tolendewera totchedwa ma polyp, ndi khoma lopindika kwambiri, zomwe singano yotentha timinofu singazikonze.

Za alamu zinali zina. Amayetsemula motsatizana m'mawa uliwonse, maso amawayabwa, ndipo zimakula nyengo yosankha fodya m'chigafa ndi yopuntha nyemba. Madzulo a chisanu amakhala m'khitchini, chitseko chotseka, nkhuni zikufuka. Nditawapempha kabotolo kaja kuti ndione, kanali ka xylometazoline, ndipo anati amagula atatu pamwezi kwa mnyamata wina wobwera nawo pa njinga yamoto tsiku lamsika. Ayamba chaka chachitatu tsopano.

"Ndiye mukuti mankhwala omwewa ndi amene akunditseka?"

"Mbali ina ndi omwewa, alamu. Mbali yotsalayo sitingaidziwe mpaka mutawasiya."

Anakhala chete nthawi yaitali, akutembenuza kabotoloko m'manja. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo ndinkadziwa kuti ndikuwapempha kuti ataye chimene chili m'manja, chotsegula pa mphindi 5, chifukwa cha lonjezo la miyezi 3 kutsogolo.

Panali nkhani inanso imene ndinaikamba pamaso pa akazi awo, chifukwa iwo ndi amene amaimva usiku uliwonse: kudukiza kupuma kuja. Munthu akamaliza mkonono nkumasiya kupuma kwa kanthawi, kawirikawiri vuto limakhala kukhosi, kumene njira ya mpweya imafwamphuka munthu akagona. Kutsegula mphuno kukhoza kupeputsako, koma nthawi zambiri sikuthetsa. Ndipo matenda amenewa amayendera limodzi ndi kuthamanga kwa magazi. Ndinawapempha kuti akapita kuchipatala akanene zimenezi poyamba, akapimitsenso magazi awo mmene akuthamangira, pakuti mankhwala odonthezawo nawonso si abwino kwa munthu wa vuto limenelo. Akazi awo anavomera ndi mutu, nkunena chapansipansi kuti pali masiku amene amawagwedeza kuti aone ngati ali moyo.

Madzulo amenewo tinawiritsa madzi, kuwasiya kuti azizire mpaka kufunda ngati thupi, nkusungunula theka la kasupuni ka tiyi ka mchere m'kapu imodzi. Madzi ake ayenera kukhala owiritsa, osati ongotunga pachitsime. Ndinali ndi sirinji yanga yaikulu yopanda singano m'chikwama, imene sindiyenda osaitenga, ndipo ndinawasiyira ina yatsopano. Anawerama pabwalo, mutu chopendekera, nkuthira mphuno yakumwamba. Madzi anatulukira mphuno inayo ali akuda bii, adzukulu atazungulira akuonerera. Ndinawalembera pa kapepala mayina a mankhwala opopera, beclometasone ndi mometasone, kuti akafunse a chipatala ngati ali oyenera kwa iwo, ndi kuwachenjeza kuti amenewa sagwira tsiku lomwelo, amafuna masabata. Tinagwirizana kuti ikatha miyezi 3 mphuno zikadali zotseka, ndidzawaperekeza ndekha kwa otorrino, akawaone ndi kamera, ndipo nkhani ya ng'ombe tidzaikamba titamva kuti chatseka nchiyani.

Anandiimbira foni sabata yathayi, mawu akumveka a m'mphuno. Anati yakumanja yatha masiku 9 osalawa dontho, ndipo usiku wa dzana inatseguka yokha chakum'bandakucha. Yakumanzere akuthirabe kamodzi pogona. Anafunsa ngati nkhanambo zouma zimene zikutuluka nzoopsa, ndinati apitirize kutsuka. Kumbuyo kwawo ndinkamva mnyamata akukuwira ng'ombe ndi mateyala a ngolo akulira, ndipo anati adule kaye foni, matumba a mbatatesi akuwadikira kudimba.